Kulowa koyamba mpikisano wa agalu oweta nkhosa: zoti muchite pabwalo

Moni achimwene. Ndamva kuti mwalembetsa galu wanu uja ku nursery trial, ndiye mvetserani bwinobwino, penapake mukapanda kumva mubwezenso uthengawu kumbuyo.

Mipikisano imeneyi kuno ku Britain ndi yakale. Woyamba wodziwika unachitikira ku Bala, ku Wales, mu 1873, ndipo malamulo amene ambiri amatsata ndi a International Sheep Dog Society, bungwe lomwe linayamba mu 1906. Pa National, mpikisano waukulu wa dziko lonse, amaika nkhosa zisanu mayadi 400 kuchokera pamzati pomwe mwaima, nthawi ndi mphindi 15, mapointi onse ndi 110: outrun (galu kuthamanga mozungulira kukafika kumbuyo kwa nkhosa) 20, lift (kuzinyamutsa) 10, fetch (kuzibweretsa kwa inu) 20, drive (kuzikankha kuchoka kwa inu) 30, kenako shed (kupatula zina pagulu), pen (kuzilowetsa m'khola) ndi single (kupatula imodzi) 10 chilichonse. Ma nursery amachitika nyengo yozizira, ndi a agalu ongoyamba kumene, bwalo lake ndi lalifupi, koma zigawo zake sizisiyana kwenikweni. Mukafika mufunse okonza mpikisano kuti nkhosa ndi zingati, mphindi zingati, drive ikuyambira kumanzere kapena kumanja, komanso ngati pali shed.

Musananyamuke kunyumba, dziyeseni pa chinthu chimodzi. Galu ali patali mayadi 200, nkhosa zikuthamanga, inu mwaimba likhweru loti agone, kodi akugona nthawi yomweyo? Ngati mpaka mumuuze katatu, dikirani kaye. Ndipo kamuyeseni pa busa lachilendo ndi nkhosa zosamudziwa, chifukwa zakwanu zinamuzolowera, zimabisa zolakwa zake.

Mufike m'mawa, galu ali pachingwe, muime pambali muonere anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Musamaonere agalu awo ayi, onerani nkhosa. Nkhosa nthawi zonse zimakhala ndi komwe mtima uli, kaya kukhola komwe zatulukira, kaya kumene kwasonkhanitsidwa zinzake zomwe zatsiriza. Mbali imene zikukokerayo ndi imene galu wanu ayenera kutseka. Onaninso mtundu wake. Za m'mapiri monga Welsh Mountain, Swaledale kapena Scottish Blackface sizichedwa kudzidzimuka, zimafuna galu akhale patali. Zikuluzikulu za m'zigwa zimaima n'kumuyang'ana galu, zimafuna azikankhe.

Tsono outrun. Pitani pamzati modekha, galu ali pambali panu, mbali imene mukufuna kumutumiza. Mpatseni kanthawi azione nkhosa. "Come bye" ndiye kumanzere kwanu, mozungulira monga iyendera wotchi. "Away to me" ndiye kumanja. Kawirikawiri mtumizeni kumbali imene nkhosa zikukokera, kuti zikati zithawe zikakumane naye. Njira yake iyambe yopapatiza, izinka itambasuka, mpaka akafike kumbuyo kwa nkhosa osazidzidzimutsa. Lamulo lililonse lomwe mungapereke iye ali panjira limadula mapointi, komabe mukaona kuti akulowera mkati, mugoneni, mumutumizenso kunja. Kutaya awiri kapena atatu n'kwabwino, chifukwa akangodutsa pakati pa inu ndi nkhosa n'kupita mbali inayo, mapointi a outrun apita pafupifupi onse.

Lift ndi kanthawi kochepa zedi, koma mpikisano wonse wagona pamenepo. Apa m'pamene nkhosa zimamuyeza galu. Akazilowera mwaphuma, zithamanga mpaka kumapeto, ndipo simudzazikhazikanso mtima. Ndiye akafika kumbuyo kwake, moyang'anana ndi inu, aime pang'ono. Muwerenge mumtima, wani, thu, fili. Kenako "walk on", kuti ayandikire nkhosa, chapansipansi. Nkhosa zidzutse mitu, zitembenuke, ziyambe kubwera zikuyenda chabe. Zikanyamuka choncho, dziwani kuti zinthu zayamba bwino.

Pa fetch woweruza akufuna mzere wowongoka kuchokera pomwe zanyamukira, kudutsa pakati pa zipata, kufika kwa inu. Pa National mpata wa zipatazo ndi mayadi 7. Apa ongoyamba ambiri amalakwa poyang'anitsitsa galu. Inu maso akhale pamitu ya nkhosa, makamaka yotsogolayo. Kumene yaloza mphuno ndi kumene gulu lonse lipite masekondi awiri akubwerawo. Mphuno ikangopendekera kumanja, tumizani galu pang'ono mbali yomweyo, mumuimitse msanga asanapitirire. Mukadikira mpaka matupi atembenuke, mwachedwa kale, ndipo muzingokhotakhota bwalo lonse. Zikaphonya zipata musazibweze kuti ziloweremo, zibwezereni pamzere muzipitirira. Zikafika, zizungulire kumbuyo kwanu pafupi ndi mzati, galu atatalikirako kuti zisabalalike.

Drive ndiyo ili ndi mapointi ambiri. Galu azikankha nkhosa kuchoka kwa inu kupita ku zipata zoyamba, azikhotetse, azidutsitse bwalo chopingasa kupita ku zipata zachiwiri, kenako azibweretse. Inu simuchoka pamzati. Chovuta ndi chigawo chopingasacho, chifukwa muli patali maso amanama, mumaona ngati zalunjika chipata pomwe zili m'munsi kapena pamwamba pake. N'chifukwa chake poonera anzanu paja muyenera kupeza zizindikiro pansi: chitsamba cha udzu wautali, malo oderako, kachulu. Muloweze kuti nkhosa zomwe zinalowa bwino zinadutsa mbali iti ya chitsambacho. Zikangodutsa chipata, zikhotetseni pomwepo, zikapita patali musanazitembenuze mapointi akudontha. Ndipo musachulutse malikhweru. Galu wamng'ono mukamuthira malamulo khumi motsatizana amasokonezeka, amayamba kucheukira kwa inu, nkhosa n'kupeza mpata.

Nkhosa zikalowa m'bwalo la shed, lomwe pa National ndi mayadi 40 kupingasa kwake, m'pamene mumachoka pamzati. Inu mbali ino, galu mbali inayo, nkhosa pakati zitandandalika. Mpata ukatseguka pomwe mukufuna, muitaneni alowe, atembenukire zomwe mwapatulazo, azigwire mpaka woweruza akhutire. Wopatula ndi galu. Mukazigawa nokha ndi ndodo, woweruza aona.

Pakhola napo pamafuna mtima wautali. Tsegulani chitseko, gwirani chingwe, pa National n'chotalika mafiti 6, ndipo osachisiya mpaka nkhosa zitalowa. Inu mwatseka mbali imodzi ndi thupi lanu ndi ndodo, galu watseka inayo. Zikafika pakhomo, imitsani zonse. Zisiyeni zisuzumire mkati, zinunkhize. Nkhosa imene yayang'ana mkati ilowa yokha ikaona kuti kwina kulibe njira. Galu asunthe phazi limodzi, agone. Inu musunthe theka la phazi. Imodzi ikatembenuka n'kuponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, ndiye kuti mwapanikiza kwambiri, bwererani m'mbuyo pang'ono. Zikangothawa n'kuzungulira khola kamodzi, zaphunzira njira, zizingozungulira. Musazikhudze ndi dzanja kapena ndodo, musazikankhe ndi chitseko. Yomaliza ikalowa, tsekani bwinobwino.

Za kuluma, chonde achimwene, samalani. Galu akaluma nkhosa popanda chifukwa amachotsedwa mumpikisano nthawi yomweyo. Zizindikiro zimaoneka: mchira umakwera, amayandikira kwambiri, kumva kumachepa. Mukaona zimenezo mugoneni apume.

Zinthu zikasokonekera, nkhosa zabalalika kapena galu wasiya kumva, musalimbikire mpaka nthawi ithe. Tembenukirani kwa woweruza, kwezani dzanja kusonyeza kuti mwasiya, chokani pamzati mupite pafupi ndi galu mumuthandize. Palibe amene angakunyozeni, ndipo eni nkhosa amayamikira munthu wosathamangitsa ziweto zawo pachabe. Kaya mwamaliza kaya mwasiya, nkhosazo muziperekeze modekha kukhola lotulukira, mumuuze galu "that'll do", kuti ntchito yatha, mumumange chingwe. Ngakhale kukuzizira amakhala atatenthedwa, ndiye mupite naye kumadzi, amwe pang'onopang'ono, mumuyendetse mpaka wefuwefu atatha musanamulowetse m'galimoto. Mapointi akatuluka, mulembe a chigawo chilichonse pakapepala, munditumizire, tione pomwe tiyambire sabata yamawa.