Makalata a omvera: kodi Aston Villa ili ndi masapota?

Takulandiraninso omvera nonse ku gawo lathu la makalata. Sabata ino mwalemba ambiri ndipo ochuluka akukamba nkhani imodzi, ya anthu otchuka amene amasapota matimu oti munthu sungawaganizire, ndiye ndasankhapo anayi, otsalawo tidzawerenga ulendo wina musadandaule.

Yoyamba yachokera ku Chinsapo ku Lilongwe kwa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, walemba chonchi:

"Achimwene a pa wailesi, ine ndimasapota Aston Villa kuyambira 2019 pomwe anagula Marvelous Nakamba, mayi anga kwawo ndi ku Zimbabwe ndiye ndinangoti komwe wapita m'bale wathuyu nanenso ndilowera komweko, ndipo olo iye anachoka ine ndinatsala. Vuto ndi loti ku video show kwathu kuno ndili ndekhandekha, benchi yakutsogolo ndi ya a Man U, pakati a Arsenal ndi a Chelsea, a Liverpool amakhala chapakhomo, ndiye tsiku loti Villa ikusewera nthawi imodzi ndi matimu awowa palibe amene angalole kusintha tchanelo, ndimathera kutsatira zigoli pa foni panja. Amandinena kuti timu yanga ilibe masapota. Tsono ndinamva kuti Prince William ndi wa Villa, ndi zoona kapena ndi za pa Facebook chabe? Ndikufuna ndikawayankhe Loweruka."

Mphwanga, ndi zoona ndipo ukawayankhe mosaopa. Kalonga William, mwana wachisamba wa Mfumu Charles, amene mawa lino adzakhale mfumu ya ku Britain, ndi wa Villa weniweni. Iye mwini anafotokozapo pa BBC mu 2015 pocheza ndi Gary Lineker kuti ali pasukulu anzake pafupifupi onse anali a Man United kapena Chelsea, iye sanafune kungotsatira gulu, anafuna timu ya pakatikati pa ligi yoti izimukweza mtima n'kumutsitsa. Ndiye ukaona bwinobwino nkhani yake ikufanana ndi yako, nayenso anali yekha pakati pa a Man U ndi a Chelsea.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi cha mu May 2015. Villa inafika mu fayinolo ya FA Cup pa Wembley n'kukumana ndi Arsenal, Arsenal inawaswa 4-0 popanda chisoni, ndipo nthawi imeneyo William anali pulezidenti wa FA, bungwe loyendetsa mpira ku England, udindo womwe anayamba mu 2006, ndiye ntchito yopereka chikho inali yake. Taganiza, timu yako yakwapulidwa zinayi kwa duu, iwe waima pamwamba apo dziko lonse likukuonera, ukugwira chanza osewera amene angokuliza kumene, mmodzimmodzi, n'kuwapatsa chikho ndi manja ako. Ambirife tikanathawa pa hafu taimu. Chaka chotsatira, 2016, Villa inatuluka mu Premier League ili pansi penipeni pa tebulo ndi mapointi 17 basi, itawina magemu atatu okha sizoni yonse, n'kukakhala zaka zitatu mu ligi yachiwiri. Munthu uja sanasinthe jezi. Mu 2019 pomwe ankabwerera atagonjetsa Derby County 2-1 pa Wembley, makamera anamugwira akulumpha n'kukumbatirana ndi John Carew, katswiri wakale wa timuyi, ulemu wonse wa kunyumba yachifumu utayiwalika kaye. Mu April 2025 anamutenga mwana wake George mpaka ku Paris kukaonera kotafayinolo ya Champions League ndi PSG, anagonja 3-1 kumeneko, kwawo anawina 3-2 koma sizinakwane.

Ndipo anzako akamati timu yako ndi yaying'ono uwakumbutse kuti Villa inayamba 1874, yatengapo ligi kasanu ndi kawiri, ndipo pa 26 May 1982 inatenga chikho cha ku Ulaya ku Rotterdam itachinya Bayern Munich 1-0, chigoli cha Peter Withe. Ngakhale ligi ya ku England imene tonse timaikangamirayi anaiyambitsa mu 1888 ndi mkulu wa ku Villa, William McGregor. Za tchanelo zo, kambiranani ndi mwini video show, mwina tsiku lomwe Villa ikusewera yokha Lamlungu angakuikireni, ndalama yako ya pakhomo ndi yofanana ndi ya wa Arsenal.

Kalata yachiwiri yachokera ku Zomba kwa bambo athu ena amene akuti anapuma ntchito ya uphunzitsi. Iwo sakugwirizana nayo nkhaniyi:

"Mwana wanga, pulogalamu yanu ndimaikonda koma apa mukutaya nthawi. Anthu olemera ndi otchukawa sasapota mpira, amangofuna makamera. Amakhala mmwamba mogalasi akudya nyama pomwe sapota weniweni wagulitsa nkhuku kuti apeze ya tikiti, wayenda wapansi, wanyowa ndi mvula. Makamaka andale, jezi amaivala nthawi ya kampeni basi. Mundiuze ngati ndikunama."

Bambo, zikomo kwambiri ndipo simukunama kwenikweni, pa andalepo ndili nanu, mpaka chitsanzo chake chili ku Villa komweko. David Cameron, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain kuyambira 2010 mpaka 2016, ankanena kuti ndi wa Villa, ndipo chifukwa chinalipo poti amalume ake a William Dugdale anakhalapo tcheyamani wa timuyi. Koma mu April 2015, kampeni ili mkati, akulankhula pagulu anauza anthu kuti azisapota West Ham ngati kuti ndiye timu yake. Pambuyo pake anapepesa kuti mutu unangosokonekera. N'zoona matimu awiriwa amavala mitundu yofanana, yofiirira ndi yobiriwira ngati mtambo, komabe bambo inu ndi ine tikudziwa kuti munthu wa Manoma olo umudzutse pakati pa usiku sangalakwitse n'kunena kuti ndi wa Maule. Anthu a ku Birmingham, mzinda wa kwawo kwa Villa, sanaiwale mpaka lero.

Koma pamene ndikusiyana nanu ndi poti mwawaika onse mu thumba limodzi. Pali Tom Hanks, katswiri wa mafilimu wa ku America, iyeyu sabisa, amanena yekha kuti chinamukopa ndi dzina chabe, linamveka ngati malo okongola okapumulirako, ndipo mu August 2023 anafika pa Villa Park, bwalo la timuyi, n'kuonera timu ikuswa Everton 4-0. Kodi timunene kuti ndi wabodza? Ine ndikuti ayi, chifukwa ifenso kuno ambiri tinayamba chimodzimodzi, wina anatola jezi pa kaunjika n'kuikonda, wina anatsatira Drogba, wina Kanu, wina ankangomva dzina pa wailesi ya agogo. Palibe mwa ife amene anabadwira ku London kapena ku Manchester. Pomwe munthu wayambira si nkhani, ine ndimayang'ana kuti timu itagwa iye anali kuti. Palinso Mervyn King, yemwe anali gavanala wa banki yaikulu ya ku England kuyambira 2003 mpaka 2013, munthu wa masuti ndi manambala woti simungamuganizire kuti amakuwa pa bwalo, koma ndi wa Villa wa kalekale ndipo mu 2016 timu ikumira analola kulowa mu bodi kuti athandize. Sanakhalitse, patangotha miyezi yochepa anatula pansi atasemphana ndi eni timu, komabe nthawi imeneyo kunalibe ulemu uliwonse woti munthu angaupeze pa dzina la Villa, kunali manyazi okhaokha. Wofuna makamera sapita kumeneko.

Za wogulitsa nkhuku uja ndiye mwanena zoona zokhazokha bambo, ameneyo palibe kalonga angamupose, ndipo ndikanakonda akuluakulu oyendetsa mpira kwathu kuno akanamamukumbukira akamaika mitengo ya pageti.

Yachitatu yabwera pa WhatsApp kuchokera ku Birmingham komweko, kwa mayi wina wa kwathu kuno amene amagwira ntchito yosamalira okalamba:

"Achimwene ndimakumverani pa intaneti ndikaweruka. Ine mpira sindinkautsata nkomwe koma ndimakhala kufupi ndi Aston ndiye tsiku la gemu basi yanga imachedwa, msewu wonse anthu okhaokha avala masikafu, agogo, ana, azimayi ndi makanda omwe. Pali agogo ena aamuna amene ndimawasamalira, zambiri anaiwala, nthawi zina olo mwana wawo samuzindikira, koma ndikangowaveka sikafu yawo yakale ya Villa amayamba kutchula osewera a 1982 mmodzimmodzi osaphonya, maso ali gwa pa TV, dzanja likunjenjemera pa mpando. Ndiye nanenso pano ndine wa Villa. Koma mwaiwala munthu mmodzi, Ozzy Osbourne, kuno anthu analira kwambiri atamwalira."

Chemwali, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri ndisanalowe mu situdiyo, Mulungu akudalitseni pa ntchito mukugwirayo ndipo agogowo mukawapatse moni wochokera ku Malawi. Mwachita bwino kutikumbutsa za Ozzy. Kwa omvera amene simukumudziwa, anali woimba wa gulu la Black Sabbath, nyimbo zaphokoso zija za magitala, tsitsi lalitali, zovala zakuda, munthu woti ukamuona sungamuganizire za mpira. Koma iyeyu nkhani yake ndi yosiyana ndi ya kalonga kapena ya Tom Hanks chifukwa sanachite kusankha, anakulira mu Aston momwemo m'banja losauka, kamtunda pang'ono kuchokera pa bwalo. Anatchuka, anakakhala ku America zaka zambirimbiri, koma itafika nthawi yotsanzika anabwerera kwawo, konsati yake yomaliza inachitikira pa Villa Park pa 5 July 2025, akuimba atakhala pampando chifukwa matenda a Parkinson anali atamufooketsa miyendo. Pa 22 July, pasanathe ndi masabata atatu omwe, anamwalira. Ndiye bambo athu a ku Zomba aja ngati mukumvetserabe, uyu ndi mmodzi amene ndikukhulupirira kuti mungamuvomere.

Ndiwonjezere kamodzi poti tili pompo, anzathu a ku Tanzania nawonso anakhamukira ku Villa mu January 2020 pomwe inagula Mbwana Samatta kuchokera ku Genk, Mtanzania woyamba kusewera mu Premier League, mpaka anachinya mu fayinolo ya League Cup yomwe anagonja 2-1 ndi Man City. Atachoka ambiri anachoka naye limodzi. N'chifukwa chake mnyamata wa ku Chinsapo uja ndamupatsa ulemu, Nakamba anapita ku Luton iye n'kutsala.

Yomaliza ndi yaifupi, yachokera ku Ndirande:

"Akulu, za azungu zakwana. Ifeyo Maule tinali ndi sapota wamkulu kuposa onsewo, pulezidenti wa dziko. Muwauze ana a masiku ano."

Aaa achimwene mwalasa, ndipo ndiwauzadi chifukwa ambiri amene akutimvera pano anali asanabadwe kapena anali kumsana. A Bakili Muluzi, omwe analamulira dziko lino kuyambira 1994 mpaka 2004, anaitenga Bullets n'kumaithandiza ndi ndalama mpaka timu inasintha dzina kukhala Bakili Bullets, ndipo mu 2004, kochi ali Kinnah Phiri, anyamata aja anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa mu ndime ya magulu ya CAF Champions League, komwe anakumana ndi zimphona ngati Enyimba ya ku Nigeria yomwe inadzatenga chikhocho chaka chimenecho. Amene tinaona masiku amenewo sitingaiwale momwe Blantyre inkafiirira tsiku la gemu, maminibasi a ku Ndirande ndi ku Chilomoni mbendera zili petupetu pa windo kulowera ku stadium kuyambira mmawa.

Koma poti mwaiputa nokha ndinene zonse. Thandizo lija litatha, dzina linasinthanso kukhala Big Bullets ndipo panadutsa zaka zowawa, timu yopanda siponsa wokhazikika, osewera kudandaula za malipiro, ulendo wa kunja kuchita kupemphetsa. Amene anaigwira timu nthawi imeneyo kuti isafe ndi inu nomwe a ku Ndirande, olipira pageti sabata ndi sabata, mpaka siponsa wina anadzapezeka. Ndiye ine sapota wamkulu wa dzina ndimamulandira ndi manja awiri, abwere ndithu ndi ndalama zake, koma ndimapempha kuti akabwera asiye chinthu chokhalitsa, bwalo la timu, akademi ya ana, ofesi yoyenda bwino, zoti iye akadzachoka timu isadzabwerere pa ziro. Ku Villa komwe takambaku zinatsala pang'ono kuipa mu 2018 ndalama zitawathera, anadzaipulumutsa ndi Nassef Sawiris wa ku Egypt ndi mnzake Wes Edens wa ku America, ndiye vutoli si la kwathu kokha ayi.

Nthawi yatithera omvera. Sabata yamawa ndikufuna makalata ochokera kwa inu a Manoma, a Silver ndi a matimu a m'maboma, mutiuze munthu amene munadabwa kumupeza pa bwalo atavala jezi ya timu yanu, kaya ndi abusa, kaya asisitere, kaya agogo a m'mudzi mwanu, mayina awo musalembe, ingotiuzani mmene zinalili.