Ngongole ili ku Zomba, ine ndili ku Joni

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli mu takisi, kaya muli pa geni, kaya muli kumudzi mukudandaula bandulo. Ndikujambula ndili m'kachipinda kanga kuno ku Cosmo City, mukamva agalu kapena nyimbo za aneba mungopirira basi. Lero tikambe za ngongole ya pakhomo, mmene ine ndi madamu tikuthanirana nayo iwo ali ku Zomba ine ndili kuno, poti ambiri mwakhala mukundifunsa kuti aise zimatheka bwanji anthu osagona nyumba imodzi kubweza ngongole limodzi.

Ambirife sitinyamuka ndi ndalama zathu, tisanamizane. Pasipoti, basi yodutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, kandalama kodyera masiku oyamba usanapeze ganyu, zonsezo kwa ine zinali zobwereka. Gawo lina madamu anatenga ku banki m'khonde yawo ku Chinamwali, lina kwa alamu anga, lotsala linachokera kwa mkulu wina wa katapila ndipo chikole chake anali makina osokera a madamu. Kenako March 2023 namondwe Freddy uja anagwetsa khoma la kuchipinda kwa ana, ngongole inanso pamwamba pa inzake.

Ndiye pali bodza lina lomwe ife a kuno timakonda, loti amene akutumiza randi ndi amene akubweza ngongole. Ayi amwene. Wa katapila saimba nambala ya +27, amapita pakhomo, amagogoda m'mawa anthu akuona. Tsiku la msonkhano wa banki m'khonde amene amakhala pa mphasa dzina lake likutchulidwa kuti sanamalize ndi madamu, ine nthawi imeneyo ndikutchetcha kapinga ku Randburg palibe akundidziwa. Akapita ku Mpondabwino kukagula ndiwo amayi anzawo amvekere, inu amuna anu ali ku Joni mukulephera bwanji, ngati kuti randi timangotola pansi. Zoti malipiro ochepetsetsa omwe boma la kuno linaika mu March 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo wopanda mapepala okwanira sangakakangane ndi bwana akamupatsa zochepera pamenepo, sazidziwa ndipo safunanso kuzimva.

Nchifukwa chake kope lili ndi madamu, osati ine. Kope lenileni la mwana wa pulayimale, tsamba lililonse munthu wake, ndalama yomwe tinatenga, chiwongola dzanja, tsiku lobweza. Lamulungu lililonse madzulo tikaweruka kutchalitchi timaimbirana pa WhatsApp, iwo amawerenga kope ine ndimanena zomwe zalowa sabata imeneyo, zonse, ngakhale ya tip yomwe bwana wandipatsa nditatsuka galimoto. Netiweki ikavuta amangojambula tsambalo nkutumiza.

Pomwe tinakangana kwambiri ndi pa nkhani yoti tiyambe ndani. Ine ndinkafuna alamu kaye, chifukwa manyazi, munthu wakubwereketsa ndi mtima wabwino popanda chiwongola dzanja ndiye akumva kuti mlamu wake watumiza ndalama koma iye osaiona. Madamu anati, bambo a ana, achimwene adzakwiya koma ndalama yawo sikula, ya katapila ikukula tikugona. Ndipo masamu ake anali oonekeratu, mkulu uja ankafuna theka pamwamba mwezi uliwonse, ukabwereka K100,000 ubweze K150,000, ukalephera mwezi winawo amawerengera pa K150,000 yomweyo. Banki m'khonde yawo ndi 20 peresenti, komanso chiwongola dzanjacho chimabwerera kwa mamembala pogawana, ndiye sichipweteka chimodzimodzi. Tinayamba katapila, kenako gulu, alamu kumapeto. Alamuwo anakwiyadi, panapita nthawi osayankha moni wanga, koma amene anapita kukakhala nawo pansi nkuwaonetsa kope ndi mlongo wawo yemweyo.

Chinanso choti amene mukufuna kubwera kuno mudziwe, kalendala ya Joni ndi ya kumudzi sizigwirizana. June ndi July kuno kumazizira koopsa, kapinga sakula, mabwana amachepetsa masiku, ife a m'magadeni timauma. December mabwana amapita ku holide, wa maganyu osagwira osalandira, pomwe kumudzi ndi nthawi yomwe gulu likutseka mabuku kuti ligawane ndipo aliyense amayenera kumaliza ngongole yake, fetereza akufunika, January fizi, February chimanga chakwera mtengo. Ndiye ife timakankha kwambiri miyezi yomwe ntchito ilipo, ndipo ndinalowa chipereganyu ndi anyamata anzanga a ku Zomba ndi Machinga kuno, ndinapempha kuti ine ndizilandira November. Kubwereka kwa mashonisa, a katapila a kuno, kuti utseke ya kumudzi, zimenezo ndinakana kuyambira pachiyambi, anthu amenewo amasunga pasipoti kapena khadi ya kubanki.

November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti anyamata kuno anasangalala, poti randi yomweyo inayamba kutulutsa makwacha ambiri ndipo ngongole yolembedwa m'makwacha inaoneka yaing'ono. Zoona, miyezi imeneyo tinadula gawo lalikulu. Koma madamu anandiuza kuti musavine kwambiri, shuga, sopo, mafuta ophikira, minibasi, zonse zakwera sabata yomweyo. Chinatipulumutsa ndi kageni kawo, amapikula matemba ku Kachulu nkumagulitsa pakhomo, ndiye ndiwo ndi sopo zimachokera pamenepo, randi yanga imapita ku kope. Tinagawanso manambala, ya ngongole imalowa pa Mpamba, ya pakhomo pa Airtel Money, kuti zisasakanikirane mwana akadwala kapena mlendo akabwera. Ndimatumiza kamodzi pamwezi pa Mukuru, osati pang'onopang'ono, chifukwa ulendo uliwonse pali yodula potumiza ndi ina potapa kwa ejenti.

Za achibale ndingodutsa mwachangu poti ena akumvera, haha. Tinagwirizana kuti tsiku lotumiza ndalama likhale la awirife, ndipo wondipempha pa foni ndimamuuza kuti ndifunse kaye kunyumba. Ena amati ndinadyetsedwa, kaya. Maliro ndi matenda okha ndi amene amaloledwa kusokoneza kope, ndipo amasokonezadi, chaka chatha mwezi wathunthu unapita ku bokosi ndi chakudya cha pasiwa.

Pano katapila inatha, makina anabwerera ndipo madamu ayambiranso kusoka mayunifolomu. Ya gulu tinatseka asanagawane. Yatsala ya alamu, ndipo pabuka mkangano watsopano, chifukwa ndalama yomwe anatipatsa nthawi ija sigula zomwe inkagula, ine ndikuti tiwonjezere kenakake pamwamba, madamu akuti achimwene sanapemphe chiwongola dzanja ndiye tikawonjezera aziona ngati tikuwayesa a katapila, bola tiwagulire thumba la fetereza ngati mphatso. Sitinamvane, Lamulungu likubwerali tikambirananso. Amene munabwezapo ngongole ya m'bale kwacha itagwa, nditumizireni ma voisi mundiuze munachita bwanji, ndidzawaika mu gawo lotsatira. Ndathawa kaye, mawa ndilawirira takisi ya 5 koloko.