Kagalu kotupa pamchombo, musakang'ambe ndi lezala

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo. Amayi ndi abambo, ndi inu anyamata mwagwira zingwe za agalu kumbuyoko, takhalani pansi pang'ono, katemera wa chiwewe sathawa, tiyamba kubaya posachedwapa. Ndisanatsegule bokosi la mankhwala, pali mwana wabwera ndi kagalu m'katoni, ndipo agogo ake andifunsa kuti chotupa chili pamimba pa kagaluko n'chiyani. Funso limeneli ndimakumana nalo m'midzi yambiri, ndiye ndati ndiliyankhe pagulu kuti tonse timve.

Bwera nako kuno, mwanawe. Kagoneke chagada. Amene muli pafupi mukuona apa, pakati pa mimba, kumunsi pang'ono kwa pomwe nthiti zathera? Kachotupa kofewa, kakulu ngati nsawawa. Ndikadina ndi chala, kakulowa m'kati. Ndikachotsa chala, kakutulukanso. Ndipo kagalu sikakulira, kakungogwedeza mchira.

Ichi si chithupsa. Mulibe mafinya muno. Ili ndi bowo.

Mwana wa galu amakhala m'mimba mwa make masiku pafupifupi 63, ndipo nthawi yonseyo chakudya chake chimadzera m'chingwe cha mchombo. Kuti chingwecho chilowe m'thupi, pamnofu wa mimba pamakhala kabowo. Akabadwa, make amaluma chingwe chija, kotsalako kamauma n'kugwa pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo kabowo ka pamnofu kamatsekeka kokha. Kwa ana ena sikatsekeka. Khungu lapamwamba limapola bwinobwino, koma pansi pake mnofu uli yasa. A kabaza mukuchidziwa chimene chimachitika tayala likang'ambika m'mbali: chubu chimatuzukira panja pomwe pang'ambikapo. Apanso ndi chimodzimodzi, kungoti chotuzukacho chabisika ndi khungu. Madokotala a ziweto amati umbilical hernia, ife tingoti mchombo wotuluka.

Nanga chimene chikutuzukacho n'chiyani? Abambo amene mumasenda mbuzi, mumaona mafuta aja onga ukonde amene amakuta matumbo. Galu nayenso ali nawo, ndipo kawirikawiri ndi amenewo amene amasuzumira pabowopo. Koma bowo likakhala lokulirapo, thumbo lenileni limatha kulowamo.

N'chifukwa chake lezala ndimadana nalo pa nkhani imeneyi. Chaka china ndinaitanidwa pakhomo pena, madzulo ndithu, kuti galu wavulala. Nditafika ndinapeza kuti mwini wake, munthu wokonda agalu ake kwambiri, anaona chotupa chotere n'kuganiza kuti chapsa, chikufunika kuboola. Anatenga lezala latsopano, anasambanso m'manja, anachita zonse mosamala. M'malo mwa mafinya munatuluka thumbo. Kagaluko sikanafike m'mawa. Bamboyo sindinamudzudzule, chifukwa palibe amene anamuuzapo, koma inu lero mwamva.

Chotupa cha mafinya pamchombo chilipo, ndipo sichivuta kusiyanitsa. Chimabwera m'masiku oyambirira kagalu kakangobadwa, makamaka ngati make anaswera malo auve. Pamchombo pamafiira, pamatentha, pamanyowa, mwina kununkha kumene, ndipo kagalu kamasiya kuyamwa n'kumangolira. Mukadina sichilowa m'kati. Chimenecho chimafuna mankhwala msanga, komabe osati lezala lanu. Pali inanso mimba yotupa yonse ngati ng'oma, ubweya uli nyankhalala. Zimenezo nthawi zambiri ndi njoka za m'mimba, nkhani ya tsiku lina.

Tsopano mukapeza mchombo wotuluka, muchite chiyani? Muyambe mwayeza bowolo. Kagalu kali chagada, kankhirani chotupacho m'kati pang'onopang'ono, osakakamiza, ndipo chala chanu chidzamva mkombero wa bowo. Ngati ndi laling'ono, losafika sentimita imodzi, loti nsonga ya chala chaching'ono siikulowa bwino, pali mwayi woti litsekeka lokha kagalu kakamafika miyezi itatu kapena inayi. Muzikagwira kamodzi pa sabata, kapena mumpatse ntchitoyo mwana amene amasewera nako, chifukwa ana amaona kusintha msanga kuposa ife akuluakulu. Kagalu kakakwana miyezi 6 bowo likadalipo, musadikirenso, silitsekeka lokha.

Agalu ena amatsala ndi kabowo kakang'ono kwambiri, kanyama ka mafuta katatsekeramo ngati chitsekerero cha botolo. Sikalowa mukadina, koma n'kofewa, sikapweteka, sikakula. Ambiri otere amakalamba nako osadwala. Limene limandidetsa nkhawa ine ndi bowo lapakatikati, loti chala chimodzi kapena ziwiri zikulowa. Limeneli ndi lokwanira kuti thumbo lilowe, koma ndi lothina moti tsiku lina thumbolo likhoza kukanika kubwerera. Likapanikizika, magazi sayendanso m'chigawo chimenecho, chakudya sichidutsa, ndipo thumbo limayamba kufa galu akadali moyo. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimathamanga.

Muzindikira chonchi. Chotupa chimene dzulo chinali chofewa lero chalimba, chakula, chikutentha, khungu lake lafiira kapena lada. Mukachigwira galu akulira kapena akufuna kukulumani. Akusanza, akukana chakudya, wangogona m'khonde, sakuchita chimbudzi. Mukaona zimenezi musayese kukankhira m'kati ndi mphamvu, ndipo musati tiona mawa. Tsiku lomwelo galu apite kwa dokotala wa ziweto, kaya pa njinga kaya m'dengu.

Eya mayi, ndakuonani mwakweza dzanja. Akuti kwa ana a anthu ena amamangirira ndalama yachitsulo pamchombo ndi kansalu, kodi kwa galu sizingathandize? Mayi, funso lanu ndi labwino, ambiri akuliganiza koma akuchita manyazi. Ana a anthu ambiri amene amabadwa ndi mchombo wotuluka amachira okha akamakula, ena mpaka zaka zinayi kapena zisanu, ndipo kwacha ija imangolandira ulemu wa ntchito imene thupi lachita lokha. A chipatala nawonso amaletsa zimenezo. Kwa galu n'kutaya nthawi kwenikweni: ndalama imadina khungu, bowo lili pamnofu, ndipo palibe chimene chikukoka milomo ya bowo kuti ikumane. Kansaluko make amakachotsa usiku womwewo, ndipo kakakhalitsa kamasupula khungu. Mphira kapena ulusi womanga chotupacho kuti chiume chigwe, monga ena amachitira ndi njerewere, ndiye woopsa ngati lezala lomwe, chifukwa mukhoza kumanga thumbo.

Mankhwala ake enieni ndi opaleshoni, ndipo si yaikulu. Galu amamugoneka tulo, amatsegula khungu, amabwezera m'kati zimene zatuluka, n'kusoka mnofu, kenako khungu. Madokotala amakonda kuchitira limodzi ndi kufula galu wamphongo kapena kutseka wamkazi kuti asaswenso. Kwa wamkazi n'kosavuta kwambiri chifukwa pocheka pake ndi pafupi ndi mchombo pomwepo, ndiye galu amagona tulo kamodzi, ntchito ziwiri zatheka. Ine pansi pa mtengo uno sindingachite zimenezo. Pamafunika malo aukhondo ndi zida zophikidwa. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira ziweto la LSPCA, ku Blantyre kuli linzake la BSPCA, ndipo kwa ife akutali, ofesi ya za ziweto ya kuboma ndiyo imadziwa kumene dokotala akupezeka. Akakupatsani tsiku, adzakuuzani nthawi yoti galu asiye kudya; mverani, chifukwa galu wokhuta akhoza kusanza ali m'tulo n'kutsamwa. Akabwera kunyumba, masiku 10 mpaka 14 akhale pamalo ouma, asanyambite bala, asathamange. Anyamata a uzimba, ndikunena inu. Galu wosokedwa dzana sapita kukathamangitsa kalulu, ulusi ungaduke.

Tinenenso za mtundu. Anthu amakonda kuloza make kuti analuma chingwe pafupi kwambiri kapena anakoka mwamphamvu. Zimatheka, ndipo ngati mukuthandiza galu poswa, musamakoke chingwe. Mangani ndi ulusi woyera masentimita awiri kapena atatu kuchokera pamimba, dulani kunja kwa mfundoyo, pakani ayodini. Koma nthawi zambiri vutoli limayenda m'magazi. Kunja kuli mitundu ya agalu imene imadziwika nalo, monga Pekingese, Basenji ndi Airedale, ndipo agalu athu a m'mudzi nawonso limawapeza. Mukaona galu mmodzi akuswa ana otupa mchombo ulendo uno, ulendo winanso chimodzimodzi, ameneyo ndi woti atsekedwe, pamodzi ndi yamphongo imene ikumukwera ngati mukuidziwa. Kagalu kamphongo kotupa mchombo muzikayang'ananso kumunsi ngati machende onse awiri atsika, chifukwa mavuto awiriwa nthawi zina amabwera limodzi. Oweta nkhumba mukudziwa kale zimenezi, nkhumba yamphongo imodzi imatha kudzaza khola ndi ana otuluka michombo.

Wamkazi amene ali ndi bowo lalikulu asatenge bere lisanasokedwe, chifukwa kulemera kwa ana kumalikulitsa. Ndipo mukaona chotupa chofewa osati pamchombo koma m'mphechepeche, pafupi ndi mawere akumbuyo, limenelonso likhoza kukhala bowo la mtundu wina, limene limapezeka kwambiri mwa agalu aakazi. Musalichedwetse, bwerani nalo.

Inu ogulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu, muuzeni wogula kuti kali ndi mchombo wotuluka, asakadzidzimuke kunyumba. Inu ogula, musamangoyang'ana makutu ndi kukula kwa mapazi. Katembenuzeni muone pamimba.

Agogo, kagalu kanu aka bowo lake ndi laling'ono, nsonga ya chala changa siikulowa. Mwati kali ndi miyezi itatu? Ndiye katemera wa chiwewe kalandira lero lomwe, mchombo suletsa katemera. Mwanawe, uzikadina Loweruka lililonse monga ndakuonetsera, ndipo ndikadzabwera ku dibi mwezi wamawa udzabwere nako ndidzakaonenso. Tiyeni tsopano tipange mzere, agalu olusa akhale kumapeto, ndipo amene mwabwera ndi makadi a chaka chatha muwagwire m'manja.