Njoka ndi akamba oswera pakhomo amafunanso mapepala

Moni omvera athu nonse. Lero tikulankhula ndi inu amene mumasunga njoka, akamba, abuluzi kapena abilimankhwe pakhomo mongokonda, ndipo tsopano zayamba kukuswerani. Pali mawu amene alowetsa anthu ambiri m'mavuto, akuti "aka kanaswera pakhomo pano, sindinakatole kutchire." Wa zanyama zakutchire akamva zimenezo amangofunsa funso limodzi: nanga make ndi bambo wake munawatenga kuti? Mukapanda pepala loyankhira funsolo, ana onse amawerengedwa ngati ochokera ku nyama yobedwa.

M'maiko ambiri lamulo limalimba kwambiri pa nyama za m'dziko momwemo kuposa zochokera kunja, chifukwa ndi maso okha n'kovuta kusiyanitsa yoswetsedwa ndi yotoledwa kuseri kwa nyumba. Ku America, m'chigawo cha Georgia, njoka yotchedwa corn snake, imene anthu amaweta pafupifupi dziko lonse lapansi, saloleza kuisunga ngati chiweto chifukwa ndi yakomweko, ngakhale itaswera m'bokosi. Ku Britain lamulo la 1981 limaletsa kugulitsa njoka ndi abuluzi akutchire akumeneko popanda laisensi. Ku Australia kutumiza kunja zokwawa zamoyo za m'dzikomo pofuna malonda n'koletsedwa.

Ndiye yambani ndi dzina. Dziwani dzina lasayansi la nyama yanu, chifukwa mndandanda wa boma umalembedwa m'mayina amenewo, osati a pamsika. Kenako lemberani ofesi yoona za nyama zakutchire, ndipo mufunse zinthu izi payokhapayokha: kugwira kutchire, kusunga, kuswetsa, kugulitsa kapena kupatsa mnzanu, ndi kunyamula kudutsa malire a chigawo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chilolezo chosungira sichikhala chilolezo chogulitsira, ndipo malo ena kusinthana kapena kupereka mwaulere kumawerengedwanso ngati malonda. Yankho lipemphedwe polemba. La pafoni limauluka ndi mphepo. Funsaninso chiwerengero chololedwa, chifukwa ngati akuti musunge zinayi zokha, mazira khumi akaswa mwaphwanya kale lamulo usiku umodzi.

Tsopano kaundula, ndipo pano tikhalitsepo. Gulani buku losokedwa, osati la masamba ong'ambika. Nyama iliyonse ikhale ndi tsamba lake: mtundu, yaimuna kapena yaikazi, tsiku limene inabwera, kwa ndani, nambala ya chilolezo cha wogulitsayo, ndi lisiti. Wogulitsa akakana kupereka nambala, musagule, mtengo utsike bwanji. Yaikazi ikaikira, lembani tsiku ndi kuchuluka kwa mazira, muwajambule ali m'chofungatira, mujambulenso tsiku loswa, ana ali pambali pa zigoba zawo. Dzira lovunda lilembedwe. Nyama yakufa ilembedwenso. Chifukwa chake n'chakuti oyendera amachita masamu: muli ndi zazikazi ziwiri, mtunduwo umaikira mazira angapo pachaka, nanga ana makumi asanu mwagulitsawo achokera kuti? Njira yakale ya akuba ndi yomweyi, kusakaniza zakutchire ndi zoswetsa, ndiye kaundula wosalongosoka amakuikani m'gulu lawo ngakhale muli osalakwa.

Pa zizindikiro, kachipangizo ka microchip, kofanana ndi njere ya mpunga, kamaikidwa pansi pa khungu ndi dokotala wa ziweto, ndipo kamakhala ndi manambala 15. Nambalayo igwirizane ndi ya pa chilolezo, digiti ndi digiti. Kamba wamng'ono amene sanafike poikidwa kachipangizoko, mujambuleni chigoba cha pamsana ndi cha pamimba, lula ili pambali, ndipo muzibwereza akamakula chifukwa maonekedwe amasintha. Njoka ikafundula, sungani khungulo mu envulopu youma yolembedwa dzina ndi tsiku. Pakabuka mkangano, khungu lomwelo limathandiza kuyeza DNA n'kuona ngati mwana ndi wa makolo amene mukunenawo.

Oyendera akafika amayang'ana thupi la nyama. Nkhupakupa, zipsera zakale, chigoba chokhulika ngati chakhala zaka chikukhulana ndi miyala, njoka za m'mimba zochuluka, zonsezi zimanunkha kutchire. Masiku ano amawerenganso zotsatsa za pa Facebook ndi masamba a malonda, ndipo ena amadzionetsa ngati ogula. Mu 2009 ku New York, ntchito yachinsinsi yotchedwa Operation Shellshock inagwiritsa anthu ambiri m'njira imeneyi pa malonda a akamba ndi njoka zakomweko. Ku America komweko, lamulo la Lacey Act la 1900 limachititsa kuti nyama yogwidwa mophwanya lamulo la chigawo chimodzi ikadutsitsidwa kupita ku chigawo china, mlandu ukhale wa boma lalikulu. Chilango chimayambira pa kulandidwa nyama, chindapusa, kulandidwa chilolezo, mpaka ndende.

Zotumiza kunja zili ndi mapepala akeake a pangano la CITES, la pakati pa maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975. Mndandanda wake umasintha: kamba wa pancake wa ku Kenya ndi Tanzania anakwezedwa mu 2019 kupita pa Appendix I, gulu la nyama zotetezedwa kwambiri. Muziona mndandandawo chaka ndi chaka.

Nanga amene muli nazo kale zopanda mapepala? Lekanitsani yaimuna ndi yaikazi lero lomwe, ndipo musagulitse. Musakazitaye kutchire usiku. Malo ambiri umenewo ndi mlandu wina, komanso nyama yoweta imanyamula matenda: akamba a m'chipululu ku America anavutika kwambiri ndi matenda a m'mphuno oyambitsidwa ndi tizilombo totchedwa Mycoplasma. Funsani loya kapena bungwe la oweta zokwawa, kenako mupite nokha ku ofesi kukafunsa njira yolembetsera kapena yoperekera nyamazo, mutanyamula zithunzi ndi malisiti onse amene muli nawo.