Alamu, chidutswa cha kiyiyo musachikankhe

Alamu, voice yanu ija ndamva, pepani kwambiri, kiyi kuthyokera m'loko muli panja ndi ana n'zowawa. Koma choyamba chenicheni, theka lomwe latsala m'manja mwanulo musalilowetsenso mubowomo. Ndikudziwa mtima ukukuuzani kuti mukagundanitsa ziwirizo mwina chitseko chitseguka, ayi ndithu, mukhala mukungokankhira chidutswa chija mkati, ndiye chikafika kumapeto zinthu zivuta zedi. Theka limenelo ikani m'thumba, lidzafunika.

Tsono ndikufotokozereni zamkatimo kuti mudziwe chomwe mukulimbana nacho. Loko wa kiyi wophwatalala ngati wanuyo amakhala ndi timapini 5 kapena 6, kalikonse kali ndi kasipuling'i kake pamwamba, ndiye timapini timeneti timatsikira m'mano a kiyi muja n'kumugwira. Kiyi amatuluka pokhapokha bowo litaima ndendende mmene limakhalira mukamalowetsa kiyi. Ndiye yatsani tochi ya foni muyang'ane bwino. Ngati anathyoka mukupotokola, bowolo lapendekeka, ndipo olo mukoke mpaka mawa sichituluka chifukwa mapini achitsekera. Tengani kasikuludiraiva kakang'ono kophwatalala, kaikeni pakamwa pa bowo pokha, musakalowetse, mubweze pang'onopang'ono mpaka liime chilili. Apapa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amangoyamba kukoka.

Kenako pafunika pofewetsa. Ngati aneba ali ndi WD-40, mafuta opopera ofewetsera zitsulo aja, pemphani, mupopere pang'ono chabe n'kudikira kamphindi. Ikasowa, palani mtima wa pensulo ya ana ija ukhale ufa, muuzire mkatimo, umaterera bwino. Mafuta ophikira ayi alamu, lero aoneka ngati athandiza koma amamata, fumbi limaunjikana, pakapita nthawi loko yense amalimba.

Ndiye onani ngati chidutswacho chatulukira kunja olo pang'ono pokha. Chikakhala chikuoneka muli ndi mwayi, pulayasi yosongoka kukamwa ija ichigwira, mukoke molunjika kwa inu, osapotokola, osagwedezera m'mbali. Twiza yozulira nsidze imathanso koma samalani, yokhuthala imalephera kugwira n'kumangochikankhira mkati.

Chikakhala kuti chabisala chonse, apa mpofunika kuleza mtima. Pezani kabuledi kopyapyala ka sowo yodulira zitsulo, tating'ono tija, mukathyole ndi pulayasi kuti katsale kansonga kotha kulowa mubowo. Mano a kabulediko aloze kwa inu, chifukwa ntchito yake ndi kukola ngati mbedza pobwerera. Kalowetseni motsatira mbali yomwe kuli mano a kiyi, pang'onopang'ono, mukamva kuti kakola mupotoze pang'ono chabe kuti kalume, kenako kokani. Ulendo woyamba kapulumuka, wachiwiri kapulumukanso, musakwiye, chidutswa chimabwera pang'onopang'ono ndipo chikangosuzumira kunja pulayasi imalizitsa. Sowo ikasowa, pini ya zovala kapena kawaya kolimba kopinda kunsonga kagwira ntchito yomweyo. Ena amalowetsa mapini awiri, ina mbali iyi ina mbali inayo, n'kuchipana pakati pokoka.

Pali zinthu ziwiri zomwe wina akuuzani pompano ndipo musamvere. Supagulu, eti mupake pa kamtengo mumatitse ku chidutswa. Chonde ayi, kadontho kamodzi kakangogwera pa mapini aja loko watha, mugula wina. China ndi maginito, makiyi ambiri otere amapangidwa ndi brass, chitsulo chachikasu chija, ndipo maginito sagwira brass, mungotaya nthawi.

Ndanena zonsezi poganiza kuti ndi loko wa kiyi wophwatalala. Akakhala wachikale uja wa kiyi wamtali, woti bowo lake umasuzumira n'kuona mkati mwa nyumba, nkhani yake njosavuta, muwongole chidutswa ndi kawaya kuti chilunjike ndi bowo kenako muchikankhe ndi msomali chikagwere mbali inayo, mutsegule ndi sipeya. Akakhala loko wokoloweka wapageti, muzondotseni bowo liyang'ane pansi, mupopere WD-40 ija n'kumamugogoda mopepuka ndi chogwirira cha sikuludiraiva, nthawi zambiri chimatsika chokha.

Mukayesa kwa theka la ola osaona kusintha, kapena mwaona kuti chikulowerabe mkati, lekani muitane wokonza maloko, iwo ali ndi timbedza topangidwira ntchito yomweyi. Musathyole chitseko, komanso musalole munthu abwere ndi hamala.

Chikatuluka musachitaye, zidutswa ziwiri zija mukapite nazo kwa odula makiyi, amaziphatikiza n'kukudulirani watsopano. Koma ine nkhawa yanga ili pa chitsekocho alamu, tsiku lija ndinabwera ndinaona mukuchita kuchikoka ndi dzanja limodzi uku mukupotokola ndi mphamvu. Chitseko chikatsika pa mahinjesi, loko amapanika ndipo mphamvu yonse imathera pakhosi pa kiyi, mpake wathyoka. Tikapanda kumanga mahinjesiwo watsopanoyo athyokanso, ndiye Loweruka ndibwera ndi zida tidzakonze. Panopa jambulani bowolo ndi tochi munditumizire ndione mmene laimira musanayambe kukoka.