Achimwene, Altezza ija muyambe ndi mabuleki

Eya achimwene, mwaswera bwanji? Ndine, kuno ku galaja pa boma la Mchinji. Uthenga wanu ndaumva, zoti galimoto yanu ya Toyota Altezza ija mukufuna mukaithamangitse pa track, bwalo la mpikisano wa magalimoto, pa tsiku lija amatsegulira anthu wamba, ndipo ndalama zilipo zochepa. Ndiye ndati ndikujambulireni mawu, muzimvera pang'onopang'ono, chifukwa pa foni timadulana pakamwa.

Mwatchula ekizozi yaphokoso, mwatchulanso zowonjezera mphamvu ya injini. Zimenezo zisiyeni kaye. Altezza yanu ya mtundu wa RS200 ili ndi injini ya 3S-GE ya malita 2, magiya 6, imakankha ndi matayala akumbuyo. Kwa munthu amene akulowa track koyamba, mphamvu imeneyo ndi yokwana ndi kutsala. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi msinkhu wake. Ma Altezza anapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ndiye ngakhale yanu itakhala yomaliza kutuluka, yadutsa kale zaka 20. Chilichonse cha labala mmenemo chatopa. Ndalama yanu ipite ku zoimitsa galimoto ndi zoziziritsa injini.

Tiyambe ndi brake fluid, mafuta a mabuleki aja, chifukwa ndi yotsika mtengo koma ndi imene imavulaza anthu. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi chaka ndi chaka. Brake fluid ya mtundu wa DOT 4 ikakhala yatsopano imawira pa madigiri 230, koma ikayamwa madzi imatha kuwira pa 155. DOT 3 ikakalamba imatsika mpaka 140. Pamsewu simungazindikire, chifukwa mumaponda buleki kamodzi, kenako mumayenda mtunda wautali ikuzizira. Pa track mumaponda mwamphamvu pa kona iliyonse, mobwerezabwereza. Mafuta aja akawira, m'mapaipi mumalowa nthunzi, phazi limangofika pansi galimoto ikupitabe. Ndiye musangowonjezera m'kabotolo muja ayi. Mutulutse onse akale, tayala lililonse, kuyambira lomwe lili kutali ndi master cylinder, pampu ya mabuleki ili pansi pa kabotolo kaja, mpaka atuluke oyera opanda thovu. Gulani DOT 4 yabwino kapena DOT 5.1, botolo losatsegula. Mumve bwino apa: DOT 5.1 ndi DOT 5 si chinthu chimodzi. DOT 5 ndi ya silicone, siisakanizidwa ndi enawa, musaigule ngakhale wogulitsa anene kuti palibe kusiyana.

Mapadi a mabuleki akhale atsopano, makamaka akutsogolo. Apa musaumire. Aja otchipa opanda dzina amagwira bwino m'tauni, koma akatentha amayamba kununkha ndi kuterera. Muwaike kudakali sabata imodzi kapena ziwiri kuti akhazikike pa disiki, osati usiku woti mawa munyamuka. Mukachotsa tayala, muone disiki ngati ili ndi ming'alu kapena mkombero wakuya m'mphepete. Mupindenso timapaipi ta labala topita ku kalipa, chitsulo chija chopanira mapadi pa disiki. Mukaona timing'alu kapena potupa, sinthani.

Tsopano matayala. Ndikudziwa, a kaunjika amakopa chifukwa mapanga amaoneka akadali akuya. Koma tayala limakalamba ngakhale lisanathe. Yang'anani m'mbali mwake, pamapeto pa malemba oyamba ndi DOT pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lodutsa zaka 6 ine sindingalole kuti mulowe nalo. Lomwe linamatidwa m'mbali, kapena lili ndi chotupa chifukwa cha maenje a pamsewu, lichoke. Simukufunika matayala a mpikisano. Anayi ofanana, a mtundu umodzi, saizi yake ya 215/45R17, basi. Mutenge geji yanu ya mpweya, chifukwa tayala likatentha mpweya umakwera. Muyambe ndi muyezo wolembedwa pachitseko, mukangotuluka pa track muyeze likadali lotentha, muphwetseko ngati wakwera kwambiri. Manati a matayala amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, ma Toyota ngati amenewa ndi 103 Nm. Zodumphira pa sipanala zija zimathyola ma stud, mabawuti omangirapo tayala.

Za kuzizira kwa injini ndikhalitsapo, chifukwa kuno tili ndi chizolowezi choipa. Galimoto ikangotentha, amakaniko ambiri amathamangira kuchotsa thermostat, kavalavu kotsegulira madzi opita ku rediyeta injini ikatentha, kenako n'kuthira madzi a pamjigo. Madzi amenewo amasiya dzimbiri ndi mchere m'timapaipi ta rediyeta, ndipo kuchotsa thermostat kumangobisa matenda. Onani ngati yanu ilimo. Ngati mulibe, ibwezeretsedwe. Rediyeta itsukidwe mkati, komanso kunja, chifukwa misewu yathu ya fumbi yopita kuminda imadzaza udzu ndi matope m'timipata tija, mphepo osadutsa. Chitsekero cha rediyeta chisintheni, n'chotchipa, koma ndi chimene chimasunga mphamvu yoti madzi asawire msanga. Finyani mapaipi onse injini itazizira. Lofewa kwambiri kapena louma gwa, lichoke. Thirani coolant, madzi a mankhwala oziziritsa injini, koma mufunse okonza tsikulo ngati ali ndi lamulo pa zimenezi.

Oyilo watsopano ndi fyuluta, afike pa chizindikiro chapamwamba koma osapitirira. Pa kona yaitali oyilo amathawira mbali imodzi, ndipo akakhala wochepa pampu imakoka mphepo. Mupite ndi lita ina yapadera, muziyang'ana nthawi iliyonse mukapuma. Oyilo wa giyabokosi ndi wa difu mwina sanasinthidwepo chichokereni ku Japan. Injini imeneyi ndi ya timing belt, lamba woyendetsa mavalavu. Ngati palibe umboni woti inasinthidwa pa makilomita 100,000, isinthidwe pamodzi ndi water pump. Apa ndiye ndalama ilowapo ndithu, koma ndi bwino mulephere kupita chaka chino kusiyana ndi kukadula lamba ameneyo injini ikuzungulira mwamphamvu.

Zapansi ndizichita ndekha mukabwera nayo: ma ball joint, ma tie rod end, ma bushi, ma bearing, mashoki ngati akudontha. Kenako alayimenti. Zodula masipuling'i kuti ikhale pansi, ayi, ine sindichita.

Batire limangidwe ndi chitsulo chake, osati lekeni. M'galimoto mutuluke chilichonse: makapeti, jeke, mabotolo, sipika ija ya kubuti. Botolo lamadzi likagubudukira pansi pa buleki, mwathera pomwepo. Lamba wapampando akhale wosang'ambika. Chisoti chikhale chenicheni, cholembedwa ECE kapena Snell, zizindikiro zoti chinayesedwa, osati timapulasitiki tija ta akabaza. Nsapato zotseka, malaya aatali manja.

Malo ake mukuwadziwa kuti ali kutali. Track ya Donnybrook ili ku Harare, kudzera ku Tete ndi Nyamapanda. Ku South Africa kuli Zwartkops pafupi ndi Pretoria, ya makilomita 2.4, ndi Kyalami kufupi ndi Johannesburg. Galimoto imeneyi ndi yomwe ikubwezereninso kuno, ndiye musiye ndalama ina pambali ya mafuta, mapepala a pachipata ndi mapadi ena obwererapo. Mufunsenso a inshuwalansi anu molemba, chifukwa nthawi zambiri ngozi ya pa track salipira.

Chinthu china ndikupempheni ngati m'bale wanu. Tikamaliza kukonza, musakaiyesere pa M12, msewu wa Lilongwe-Mchinji. Inu nomwe mukuudziwa msewu umenewu: njinga zonyamula matumba a mtedza, ngolo, ana asukulu pa Kamwendo, mathiraki ochokera ku Mwami. Pa track aliyense amalowera mbali imodzi, pali anthu a mbendera ndi ambulansi. Pa M12 palibe.

Mukafika ku track, mumvere malangizo a m'mawa, muphunzire tanthauzo la mbendera iliyonse, ndipo ngati alipo mlangizi, akhale nanu pampando. Ulendo woyamba kuzungulira muyende mofatsa kuti oyilo ndi matayala zitenthe. Womaliza muyendenso mofatsa, osaponda buleki kwambiri, kuti zizizire. Mukaima musakoke handibuleki mabuleki ali moto, ikani mwala kapena thabwa kutayala, mutsegule boneti. Buleki ikayamba kufewa kapena singano ya kutentha ikakwera, tulukani nthawi yomweyo osadikira kuti nthawi yanu ithe.

Ndiye bwerani nayo Loweruka m'mawa, mudzere ku Lilongwe mugule brake fluid lita imodzi, thermostat ndi chitsekero cha rediyeta. Manambala a matayala aja mundijambulire lero lomwe. Moni kwa alamu.