Mawu a M'mawa: Anakin Sanagwe Tsiku Limodzi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Titsegule Yakobo 1:14-15.

Pa 19 Meyi 2005 kunatuluka filimu ya George Lucas, Revenge of the Sith, yomaliza pa zitatu zofotokoza chiyambi cha nkhani ya Star Wars. Ku Hollywood ena anagona pamzere kwa masabata kuidikirira, chonsecho mathero ankawadziwa. Kuyambira 1980 aliyense ankadziwa kuti Darth Vader, woipa wa m'nkhaniyi, ndi bambo ake a Luke, ngwazi ya mafilimu oyambirira. Chimene ankafuna kuona n'chakuti mnyamata wabwino uja, Anakin Skywalker, anafika bwanji pokhala chilombo chotchedwa Darth Vader.

Ambiri atayionera anati yaposa ziwiri zija za 1999 ndi 2002. Koma panali dandaulo lomwe limamvekabe mpaka lero: akuti Anakin anagwa msanga, wangogwadira Palpatine, mtsogoleri wa boma amene ankamukokera ku zoipa, posakhalitsa akupha ana m'kachisi wa a Jedi, gulu loteteza mtendere lomwe iye mwini analimo.

Odandaulawo anayang'ana pogwera, sanayang'ane poterera. Mayi ake atamwalira, Anakin anapha mudzi wonse wa omwe anawagwira, ndipo akuluakulu ake sanawauze. Anakwatira Padmé mobisa. Kenaka anadula mutu Dooku, mdani wa a Jedi, ali wogwada wopanda chida, chifukwa Palpatine anamuuza kutero, pomwe mtima unkamutsutsa. Atalota kuti mkazi wake adzafa pobereka, anapitadi kwa Yoda, mphunzitsi wamkulu wa a Jedi, kukafuna uphungu, koma sanatchule kuti akuopera ndani. Apa m'pamene ndimamva chisoni kwambiri. Anafika pakhomo pa thandizo atanyamula theka la chilungamo, n'kulandira yankho losafika pa bala. Amene ankadziwa zonse anali Palpatine, munthu yemwe ankamuyamikira, kumusonkhezera pa zoti a Jedi amumana udindo, n'kumulonjeza mphamvu yoletsa imfa. Mapeto ake Anakin anakanyanga pakhosi mkazi yemweyo amene ankati akumupulumutsa.

Yakobo akuti chilakolako chimayamba chatenga pathupi, kenaka chimabala tchimo, tchimolo likakula limabala imfa. Pathupi satenga lero n'kubereka mawa. Pali miyezi imene zinthu zimakula osaoneka, ndipo m'miyezi imeneyi m'momwe munthu angathandizike.

Musanatuluke m'nyumba lero, khalani pansi mphindi 10 foni ili kutali. Lembani chinthu chimodzi chimene mukuopa kutaya: ntchito, banja, mwana wodwala, ulemu pampingo. Pansi pake lembani zimene mwayamba kuchita mobisa pofuna kuchiteteza, kaya ndi katapila amene akunyumba sakumudziwa, kaya ndalama za kuntchito zomwe mukuti mubweza mwezi ukatha. Ndiye dzifunseni kuti akudziwa nkhani yonse ndani. Ngati ndi munthu amene amangokuvomerezani, amene sanakudzudzulenipo, muli pangozi.

Pempherani motchula mantha anuwo ndi dzina, monga 1 Petro 5:7 akutiuza kutula nkhawa zonse kwa Iye. Mukatero imbirani mbusa kapena mkulu wampingo wosunga chinsinsi, mupangane tsiku sabata ino, ndipo mukakafika mukanene zonse, kuphatikizapo chija mumachilumpha mukamafotokoza.